Nyengo ya ku India Chigawo ndi Chigawo: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene amafunsa kawirikawiri anthu ofuna kupita ku India kukaphunzira, kukalandira chithandizo cha mankhwala, kukaoda katundu kapena kukangoona malo. Kutentha tikukuyeza m'madigiri a Celsius, mvula m'mamilimita.

Kodi ku India kumatentha paliponse, chaka chonse?

Ayi. Kuchokera ku Kanyakumari, komwe ndi kumapeto a dzikoli chakumwera, kukafika kumapiri a kumpoto pali mtunda wa makilomita pafupifupi 3,200, ndipo nyengo singafanane pa mtunda wautali chonchi. Tengani tsiku limodzi la mu Januwale: ku Chennai masana kumafika madigiri 29, ku Delhi kumacha kuli madigiri 7 anthu akuwotha moto m'mbali mwa misewu, pomwe ku Leh, mkati mwa mapiri a Himalaya, usiku kumazizira kupitirira madigiri 10 pansi pa ziro.

Mukafuna kudziwa nyengo ya malo aliwonse m'dzikoli, fufuzani zinthu zitatu. Malowo atalikirana bwanji ndi nyanja? Ali pamtunda wokwera bwanji? Ndipo ali mbali iti ya phiri, yoyang'anizana ndi mphepo yamvula kapena yakuseri? Mwa zitatuzi, chomalizachi ndi chomwe alendo amachiiwala, komanso ndi chomwe chimasokoneza maulendo ambiri.

Chaka chimagawidwa m'nyengo zingati?

Nthambi ya boma yoona zanyengo, India Meteorological Department kapena mwachidule IMD, yomwe inakhazikitsidwa mu 1875, imagawa chaka panayi. Januwale ndi Febuluwale ndi nyengo yachisanu. Malichi mpaka Meyi ndi chilimwe, nthawi yotentha mvula isanabwere. Juni mpaka Seputembala ndi dzinja lenileni, nyengo ya mphepo ya monsoon yochokera kumwera chakumadzulo. Okutobala mpaka Disembala ndi nyengo yomwe mphepoyo ikubwerera.

Kumbukirani kuti India ali kumpoto kwa ikweta. Amene akuchokera kumayiko a kumwera kwa ikweta ayembekeze kupeza miyezi itatembenuka: Juni ndi Julayi si miyezi yachisanu kumeneko, ndi yamvula ndi chithukuta.

Monsoon n'chiyani kwenikweni, nanga imayamba bwanji?

Anthu ambiri akamva monsoon amaganiza za chimvula, koma kwa akatswiri monsoon ndi mphepo yomwe imasintha kochokera kawiri pachaka. Mvula ndi katundu chabe amene mphepoyo imanyamula.

Chiyambi chake ndi chakuti nthaka imatentha msanga kuposa madzi. Kuyambira Malichi dzuwa limawomba mwamphamvu pa chidikha cha kumpoto kwa India ndi Pakistan, komanso pa thanthwe lokwera la Tibet. Mpweya wa pamwamba pa nthaka yotenthayo umapepuka n'kukwera, ndipo pofika kumapeto kwa Meyi kumakhala dera lalikulu la mpweya wopepuka kuyambira ku chipululu cha Thar kutsata chigwa cha mtsinje wa Ganges. Nthawi yomweyo kumwera kwa ikweta kukuzizira, ndipo pa nyanja ya Indian Ocean, kum'mawa kwa Madagascar, pamakhala mpweya wolemera. Mpweya umayenda kuchoka komwe uli wolemera kupita komwe uli wopepuka. Choncho mphepo imanyamuka kumeneko, imadutsa ikweta cha kugombe la kum'mawa kwa Africa, imathamanga kwambiri pafupi ndi Somalia, kenako kuzungulira kwa dziko lapansi kumaikhotetsera kumanja. Ndiye chifukwa chake imafika ku India ikuchokera kumwera chakumadzulo, itamwa nthunzi ulendo wonse pamwamba pa nyanja yofunda.

Ikafika kunsonga ya dzikoli imagawika pawiri. Nthambi ina imawomba gombe lakumadzulo kuchokera ku Arabian Sea. Ina imakwera ndi Bay of Bengal, imagunda mapiri a kumpoto chakum'mawa, ndipo poti mapiri a Himalaya aitsekera njira, imakhotera kumadzulo n'kumakwera ndi chigwa cha Ganges mpaka ku Delhi ndi Punjab. Mvula imachepa mphepoyo ikamapita mtsogolo: Kolkata imalandira mamilimita oposa 1,600 pachaka, Delhi pafupifupi theka la amenewo.

Pa mvula yonse yomwe India amalandira pachaka, pafupifupi magawo atatu mwa anayi amagwa m'miyezi inayi imeneyi. Mpunga, thonje, chimanga ndi soya zimabzalidwa ndi mvula yoyamba ya monsoon, ndipo madamu omwe amathirira tirigu m'nyengo yachisanu amadzaza nthawi yomweyi.

Mvula imafika liti m'chigawo chilichonse?

Masiku omwe IMD imawatenga ngati achizolowezi, malinga ndi momwe inawakonzeranso mu 2020, ndi awa. Kuzilumba za Andaman mphepo imafika chakumapeto kwa Meyi. Ku Kerala ndi pa 1 Juni. Ku Mumbai ndi ku Kolkata ndi cha pa 11 Juni, ku Delhi pa 27 Juni, ndipo pofika pa 8 Julayi imayenera kukhala itakuta dziko lonse. Kubwerera kumayambira kumadzulo kwa Rajasthan cha pa 17 Seputembala, ndipo pofika pakati pa Okutobala monsoon ya kumwera chakumadzulo imakhala itatha. Mukaona bwino, kumadzulo kwa Rajasthan mphepoyi imafika mochedwa n'kuchokanso moyambirira, pomwe ku Kerala imakhala miyezi yoposa inayi.

Masiku amenewa si pangano. Kufulumira kapena kuchedwa ndi sabata imodzi n'kwachizolowezi, ndipo mphepoyi siyenda liwiro limodzi. Ikhoza kufika ku Kerala pa nthawi yake kenako n'kuima sabata ziwiri isanapitirire.

IMD silengeza kuti monsoon yafika pongoona kuti kwagwa mvula. Pali malo 14 oyezera mvula ku Kerala ndi madera oyandikana nako. Pambuyo pa 10 Meyi, malo osachepera 60 peresenti mwa amenewa ayenera kulandira mamilimita 2.5 kapena kuposa kwa masiku awiri otsatizana. Kuwonjezera apo, mphepo yakumadzulo iyenera kukhala yamphamvu komanso yofika m'mwamba ndithu, ndipo zithunzi za setilaiti ziyenera kuonetsa mitambo yochindikala panyanja. Malamulowa alipo chifukwa mvula yamabingu ya m'chilimwe imanamiza: mlimi akabzala nayo, mbewu zimamera kenako n'kupserera mvula yeniyeni isanafike.

Ndiye kuti mvula imagwa usana ndi usiku kwa miyezi inayi?

Kugombe lakumadzulo ndi kumapiri a kumpoto chakum'mawa zimayandikira pamenepo, makamaka mu Julayi, pomwe mvumbi umatha masiku angapo dzuwa osaoneka. Kwina konse mvula imabwera mwa apo ndi apo.

Chimene chimalamulira ndi mzere wa mpweya wopepuka uja womwe umagona motsata chigwa cha Ganges. Ukakhala pamalo ake kapena kutsikira kumwera pang'ono, pakati pa dziko pamagwa mvula yambiri. Ukasunthira kumpoto n'kukagona m'tsinde mwa Himalaya, mvula imaduka pafupifupi m'chidikha chonse kwa sabata imodzi kapena kuposa, koma m'mapirimo imakhuthuka. Apa pali chinthu chomwe chimadabwitsa ambiri: mitsinje ya ku Bihar ndi Assam imatha kusefukira kunja kuli ng'amba, chifukwa madziwo akuchokera kumtunda.

Mvula yambiri ya pakati pa dziko imabwera ndi timikuntho tofooka tomwe timabadwira ku Bay of Bengal, n'kulowera ku Odisha kupita ku Madhya Pradesh, nthawi zina mpaka ku Gujarat. Kamodzi kakamadutsa, dera limalandira mvula ya masiku awiri kapena atatu, kenako kumayera. Chaka chomwe timikunthoti tachepa, pakati pa India pamauma ngakhale kugombe kukugwa mvula.

N'chifukwa chiyani Mumbai imamira m'madzi pomwe Pune, yomwe ili pafupi, ilibe mvula yambiri?

Pakati pa mizinda iwiriyi pali mtunda wa makilomita pafupifupi 150 pamsewu, koma Mumbai imalandira mamilimita oposa 2,000 pachaka pomwe Pune imalandira cha m'ma 750. Chowasiyanitsa ndi mtandadza wa mapiri a Western Ghats, womwe umatsata gombe lakumadzulo kwa makilomita pafupifupi 1,600, mopingasa njira ya mphepo.

Mpweya wachinyezi ukagunda phiri ulibe kwina kolowera koma kukwera. Ukamakwera umazizira, ndipo mpweya wozizira sungasunge nthunzi yochuluka, choncho nthunziyo imasanduka mitambo n'kugwa. Phirilo limaufinya mpweyawo ngati mmene munthu amafinyira nsalu yonyowa. Pamwamba penipeni, monga ku Mahabaleshwar, pamagwa mamilimita oposa 5,000. Mpweyawo ukamatsikira kuseri umakhala utauma kale, ndipo umatentha ndi madigiri pafupifupi 10 pa mamita 1,000 aliwonse omwe watsika. Mpweya womwe ukutsika ndi kutentha supanga mitambo, umaimwaza. N'chifukwa chake kuseri kwa mapiriwa kuli chigawo chachitali chouma, kuyambira mkati mwa Maharashtra, kudutsa kumpoto kwa Karnataka mpaka ku Rayalaseema, komwe chilala sichichedwa kubwera. Mangaluru ndi Bengaluru nawonso ndi chimodzimodzi: wakugombeyo amaposa mamilimita 3,000, winayo safika bwinobwino pa 1,000.

Lamulo lomweli ndi lomwe limapereka malo amvula kwambiri ndi ouma kwambiri m'dzikoli. Ku Meghalaya, mapiri a Khasi amaima mwadzidzidzi pamwamba pa chidikha cha Bangladesh, ndipo zigwa zake zimasonkhanitsa mphepo yochokera ku Bay of Bengal n'kuikankhira m'mwamba. Mudzi wa Mawsynram umalandira mamilimita oposa 11,000 pachaka. Ku Cherrapunji, pafupi pomwepo, kunagwa mamilimita oposa 26,000 m'miyezi 12 kuyambira Ogasiti 1860 mpaka Julayi 1861. Chodabwitsa n'chakuti malo omwewa amasowa madzi m'nyengo yachisanu, chifukwa madzi onse amathamangira kumunsi. Ku Rajasthan zinthu n'zosiyana: mapiri a Aravalli anagona motsata njira ya mphepo, osati mopingasa, ndiye mphepo imangodutsa m'mbali osakakamizika kukwera. Jaisalmer imalandira mamilimita ongozungulira 200. Ladakh, yomwe ili kuseri kwa Himalaya, ndi chipululu chozizira, ndipo ku Leh mvula ya chaka chonse ndi mamilimita pafupifupi 100.

Ndamva kuti ku Chennai dzinja limabwera mochedwa. N'zoona?

N'zoona, ndipo ambiri amapusitsika nazo. Mu Juni mpaka Seputembala, Tamil Nadu amakhala kuseri kwa Western Ghats, ndiye amangolandira zotsalira. Mu Okutobala nthaka ya kumpoto ikayamba kuzizira, mphepo imatembenuka n'kumachokera kumpoto chakum'mawa. Kumadera ambiri mphepo imeneyi ndi youma chifukwa ikuchokera kumtunda, koma mbali ina imadutsa pa Bay of Bengal, imatola chinyezi, n'kukachitula kugombe la Tamil Nadu ndi kumwera kwa Andhra Pradesh. Pafupifupi theka la mvula ya Tamil Nadu limagwa mu Okutobala mpaka Disembala, ndipo kugombe gawolo limaposa pamenepo. Mwezi wamvula kwambiri ku Chennai ndi Novembala.

Mvula imeneyi ndi yosadalirika kuyerekeza ndi inzake. Kumayambiriro kwa Disembala 2015 mzinda wa Chennai unamira mpaka bwalo la ndege linatsekedwa. Mu 2018 mvula yomweyi inavuta, ndipo pofika pakati pa 2019 madamu a mzindawu anali atauma. Amene wakonza ulendo wa Novembala poganiza kuti mvula ya ku India yatha, ayang'anenso mapu ngati akupita kugombe lakum'mawa chakumwera.

Kutentha kumafika pachimake liti, ndipo kumaopsa kuti?

Kumwera ndi pakati pa dziko mwezi wotentha kwambiri ndi Epulo kapena Meyi. Kumpoto chakumadzulo ndi Meyi mpaka Juni, chifukwa mvula imafikako mochedwa. Ku Rajasthan, Delhi, Uttar Pradesh, Madhya Pradesh ndi dera la Vidarbha madigiri 42 mpaka 45 si achilendo. Kutentha kwakukulu komwe kunalembedwa m'dzikoli ndi madigiri 51, ku Phalodi m'chigawo cha Rajasthan, pa 19 Meyi 2016. Masana kumawomba mphepo yowuma ndi yotentha yochokera kumadzulo yomwe eni dziko amaitcha loo. Mphepo imeneyi siziziritsa thupi, imaliwotcha, ndipo kutsegula mawindo masana kumangolowetsa moto m'nyumba.

IMD imayamba kuganizira zolengeza kutentha koopsa pamene kwafika madigiri 40 kuchidikha, 37 kugombe kapena 30 kumapiri, ndipo kutenthako kwaposa mlingo wachizolowezi wa malowo ndi madigiri 4.5. Kukafika 45 kuchidikha, chenjezo limaperekedwa osayang'ananso za mlingo wachizolowezi.

Koma nambala ya madigiri payokha imanama. Thupi limazizira thukuta likamauma pakhungu. Ku Mumbai, Kolkata kapena Chennai chipangizo chikhoza kuonetsa 35 okha, koma poti mpweya wadzaza kale chinyezi, thukuta limangoyenderera osauma, ndipo thupi limatopa kuposa pa madigiri 41 a mpweya wouma. Masabata ovuta kwambiri kumpoto ndi omwe chinyezi chafika koma mvula isanayambe, chakumapeto kwa Juni, pomwe usiku nawo sukuzizira ndipo thupi silipeza mpata wopuma. Mvula ikatha kumabweranso kachilimwe kena mu Okutobala, makamaka ku Maharashtra ndi Gujarat: thambo layera, dzuwa likuwomba, nthaka idakali yonyowa.

Zoyenera kuchita n'zodziwika koma anthu amazinyozera. Ntchito yolemetsa ichitike m'mawa kapena madzulo, osati kuyambira 12 koloko mpaka 4 koloko. Madzi amwedwe ludzu lisanabwere. Munthu amene watuluka thukuta kwambiri ataya ndi mchere womwe, ndiye ngati palibe paketi ya ORS, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Mchere ukachuluka umavulaza, choncho osauwonjezera. Munthu akayamba kubwebweta, kudzandira kapena kukomoka thupi lili moto, si kutopa wamba. Mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, muthireni madzi thupi lonse uku mukumukupiza, ndipo muthamangire naye kuchipatala. Wokomoka musamumwetse kanthu. Thupi la mlendo limatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere, ndiye masiku oyambirira ndi oopsa kwambiri. Mzinda wa Ahmedabad, utataya anthu ambiri ndi kutentha kwa mu Meyi 2010, unakhazikitsa dongosolo la machenjezo ndi kukonzekeretsa zipatala mu 2013, ndipo mizinda yambiri yatengera chitsanzo chimenecho.

Nanga mvula yamabingu ya m'chilimwe ija imachokera kuti?

Ndi mvula ya madzulo yomwe imabadwa nthaka ikatentha kwambiri n'kukumana ndi kachinyezi kochokera kunyanja. Ku West Bengal, Odisha ndi Assam imabwera ndi chimphepo chozula mitengo, nthawi zina ndi matalala, ndipo ku West Bengal ndi Odisha imatchedwa kalbaisakhi. Kumpoto chakumadzulo chinyezi chimachepa, ndiye m'malo mwa mvula kumabwera chimphepo chafumbi. Choopsa chachikulu ndi mphenzi, zomwe zimapha anthu oposa 2,000 chaka chilichonse m'dzikoli, ambiri mwa iwo ali kumunda kapena atabisala pansi pa mtengo. Mukamva bingu lowani m'nyumba kapena m'galimoto yotseka, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Kodi kumpoto kumazizira moti n'kufunika zovala zamphepo?

Kwambiri. Kuyambira pakati pa Disembala mpaka kumapeto kwa Januwale, ku Delhi, Punjab, Haryana ndi Uttar Pradesh usiku kumatsika kufika madigiri 4 mpaka 8, nthawi zina kuchepera apo. Nyumba za kumeneko anazimanga kuti zizilimbana ndi kutentha, pansi pake ndi pa miyala kapena matailosi, ndipo zambiri zilibe zotenthetsera. M'nyumba mumatha kuzizira kuposa panja masana.

M'nyengoyi mumadutsa mikuntho yochokera kumadzulo, yomwe imayambira cha ku Mediterranean n'kudutsa Iran, Afghanistan ndi Pakistan. Imagwetsa chipale chofewa ku Kashmir, Himachal Pradesh ndi Uttarakhand, komanso kamvula kochepa kuchidikha komwe n'kofunika kwambiri kwa tirigu. Mkuntho ukadutsa, nthaka imatsala yonyowa, mphepo imadekha, usiku n'kuzizira, ndipo zitatuzi zikakumana chifunga chimakuta chigwa chonse cha Ganges. Chikakula munthu saona mamita 50 kutsogolo. Sitima zimachedwa ndi maola ambiri, ndege zimalephera kutera. Ngati muli ndi ndege yolumikiza ku Delhi m'masabata amenewa, sankhani yamasana osati yam'bandakucha, ndipo siyani mpata wa maola angapo.

Chinanso ndi utsi. Kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala, mpweya wozizira umagona pansi, wofunda uli pamwamba pake, ndiye utsi wa magalimoto, wa mafakitale ndi wa mapesi a mpunga omwe alimi a ku Punjab ndi Haryana amawotcha umasowa kokwerera. Odwala mphumu kapena mtima aganize kawiri asanapite ku Delhi m'mwezi wa Novembala. Kumwera zonsezi kulibe.

Anamondwe amabwera nthawi yanji?

Kawiri pachaka: Epulo mpaka kumayambiriro kwa Juni, komanso Okutobala mpaka Disembala. Namondwe amafuna nyanja yofunda madigiri 26 kapena kuposa, komanso mphepo yapansi ndi yam'mwamba zosakokana. Mkati mwa monsoon mphepo yapansi imachokera kumadzulo pomwe yam'mwamba imachokera kum'mawa mwamphamvu, ndiye mkuntho ukayamba kuumbika umadulidwa mutu. Ndiye chifukwa chake Julayi ndi Ogasiti, ngakhale ndi miyezi yamvula, anamondwe amphamvu saoneka.

Ambiri amabadwira ku Bay of Bengal n'kugunda Odisha, Andhra Pradesh, West Bengal ndi Tamil Nadu. Chimene chimapha anthu ambiri si mphepo koma madzi a m'nyanja omwe mphepoyo imawakankhira kumtunda. Kumpoto kwa Bay of Bengal nyanja ndi yosaya komanso yopanikizika, gombe n'lotsika, ndiye madzi amakwera mamita angapo n'kulowa kutali. Namondwe wa mu Okutobala 1999 anapha anthu pafupifupi 10,000 ku Odisha. Pamene namondwe Phailin anagunda chigawo chomwecho mu Okutobala 2013, boma linali litasamutsa anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo omwalira anali makumi ochepa chabe. Kugombe lakumadzulo anamondwe ndi ocheperapo koma alipo: Tauktae mu Meyi 2021 ndi Biparjoy mu Juni 2023 onse anakafika ku Gujarat. IMD imayamba kuchenjeza kutatsala maola 72, kenako 48, kenako 24.

Machenjezo a IMD ndiwawerenge bwanji?

Pali mitundu inayi. Wobiriwira ndiye kuti palibe chodetsa nkhawa, wachikasu khalani tcheru, wa olenji konzekani, wofiira chitanipo kanthu. Machenjezowa amaperekedwa boma ndi boma, choncho dziwani dzina la boma lomwe muli, osati la chigawo chokha.

Mawu ofotokoza mvula ali ndi miyezo yake pa maola 24. Mvula yamphamvu ndi mamilimita 64.5 mpaka 115.5, yamphamvu kwambiri ndi 115.6 mpaka 204.4, ndipo kuposa apo ndi yoopsa. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Denga la mamita 10 mbali zonse likalandira mamilimita 100 ndiye kuti latsitsa malita 10,000. Pa 26 Julayi 2005, pamalo oyezera a Santacruz ku Mumbai panagwa mamilimita 944 m'maola 24.

Kuchuluka kokha sikunena zonse. Mamilimita 100 ogwa pang'onopang'ono tsiku lonse ngalande zimawakwanitsa, koma ogwa m'ola limodzi ayi. Ku Mumbai onaninso nthawi yomwe nyanja ikwere, chifukwa ngalande za mzindawu zimathira m'nyanja, ndipo chimvula chikakumana ndi nyanja yokwera madzi amasowa kotulukira.

Kodi El Niño amakhudza mvula ya ku India?

El Niño, komwe ndi kufunda kwachilendo kwa madzi a m'nyanja ya Pacific, amakhudza, koma osati chaka chilichonse. Mlingo wa mvula ya Juni mpaka Seputembala m'dziko lonse ndi masentimita 87, potengera zaka za 1971 mpaka 2020. Pakati pa 96 ndi 104 peresenti ya mlingowu ndi chaka chabwinobwino, pansi pa 90 ndi chaka choperewera. Zaka za 2002, 2009 ndi 2015 zinali za El Niño ndipo mvula inaperewera kwambiri, mu 2009 inangofika cha m'ma 78 peresenti. Koma mu 1997 kunali El Niño wamphamvu zedi, mvula n'kugwa bwinobwino. Akatswiri amaloza ku Indian Ocean: mbali yakumadzulo ya nyanjayi ikafunda kuposa yakum'mawa, monsoon imapeza mphamvu zolimbana ndi El Niño.

Ubale wa monsoon ndi nyanja ya Pacific unayamba kudziwika kudzera mu ntchito ya Gilbert Walker, yemwe anatsogolera IMD kuyambira 1904, dziko litangotuluka mu njala yoopsa ya 1899. IMD imatulutsa ulosi wa dzinja mu Epulo n'kuukonzanso kumapeto kwa Meyi. Ulosi umenewu ndi wa dziko lonse, ndipo kwa mlimi kapena woyenda ulendo suthandiza kwambiri. Chaka cha 100 peresenti chikhoza kukhala ndi kusefukira kwa madzi ku Kerala ndi chilala ku Bihar nthawi imodzi.

Kuthawira kumapiri kumathandiza?

M'chilimwe kumathandiza. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse okwera. Shimla ndi Ooty zili pa mamita oposa 2,000, ndiye pomwe kuchidikha kuli 42, kumeneko kuli m'ma 20. Bengaluru, pa mamita pafupifupi 900, imakhala yofatsa pafupifupi chaka chonse.

Mu Julayi ndi Ogasiti nkhani imasintha. Nthaka ya m'mapiri ikakhuta madzi imalemera n'kuterereka, makamaka pomwe msewu unadula phiri. Misewu ya ku Himachal Pradesh, Uttarakhand ndi Sikkim imatsekeka kawirikawiri, ndipo ngozi zazikulu zachitikapo, monga ya ku Kedarnath mu Juni 2013 ndi kugumuka kwa mapiri ku Wayanad, m'chigawo cha Kerala, mu Julayi 2024. Nthaka imatha kugumuka mvula italeka kale, choncho kuyera kwa thambo si chilolezo chonyamukira. Ladakh yekha ndiye amayendeka bwino m'miyezi imeneyi chifukwa monsoon simufika kwenikweni. Vuto la kumeneko ndi lina: Leh ili pa mamita pafupifupi 3,500, mpweya ndi wochepa, ndipo wofika pa ndege apume masiku awiri asanakwere kupitirira.

Nanga mwezi wabwino woyendera ndi uti?

Zitengera komwe mukupita. Delhi, Agra ndi Rajasthan zimakoma mu Febuluwale ndi kumayambiriro kwa Malichi, chifunga chitatha kutentha kusanayambe, ndipo ku Rajasthan Novembala nayenso ndi wabwino. Mumbai, Goa ndi Kerala ndi Disembala mpaka Febuluwale. Chennai ndi gombe la Tamil Nadu ndi Januwale ndi Febuluwale. Mapiri a Himalaya ndi Epulo mpaka pakati pa Juni, kenako Okutobala, pomwe mvula yatsuka fumbi ndipo nsonga zimaoneka bwino. Ladakh ndi Juni mpaka Seputembala.

Ngati ulendo wanu wagwera mkati mwa monsoon ndipo simungausinthe, samalani zinthu zingapo. Chinyezi cha kugombe chimachititsa nkhungu pa nsapato zachikopa, zikwama ndi zovala za mu sutikesi m'masiku ochepa, ndiye tengani zovala zouma msanga ndipo mapepala ofunika muwaike m'mapulasitiki otseka. Amene akuoda katundu wa nsalu kapena wa m'makatoni aonetsetse kuti wapakidwa ali wouma komanso wakwezedwa pansi. Musayende m'madzi osefukira m'misewu: pansi pake pamakhala maenje a ngalande osavundikira, mawaya a magetsi, ndi tizilombo ta matenda ochokera mu mkodzo wa makoswe tomwe timalowera pa zilonda. Udzudzu wa dengue umachuluka kumapeto kwa dzinja ndi masabata otsatira, kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, ndipo umaluma masana, choncho neti yausiku yokha siikwanira, pamafunikanso mankhwala opaka ndi zovala zamikono yaitali.